Momwe mungayezere kupanikizika kwa thanthwe musanakumbe mgodi kapena mpita wa pansi

Thanthwe la pansi pa nthaka limaoneka ngati langokhala phee, koma limakhala litasenza katundu. Pamwamba likutsamiridwa ndi miyala ndi dothi, m'mbali likufinyidwa ndi mphamvu zomwe zimasuntha zigawo za dziko. Mukabowolamo mpita, katundu yemwe ankasenzedwa ndi mwala mwachotsawo amasamukira m'makoma ndi kudenga. Akapyola muyezo, mwala umayamba kubanthuka, ndipo m'migodi yakuya umaphulika wokha popanda woika bomba. Madoda omwe anapita ku Joni pa Wenela nkhaniyi amaidziwa bwino. Mgodi wa golide wa Mponeng ku South Africa unafika pafupifupi makilomita 4 kupita pansi, ndipo kumeneko kuphulika kwa thanthwe ndi mdani wa tsiku ndi tsiku.

Ndiye musanalembe pulani, dziwani kukula kwa mphamvuzi komanso komwe zaloza. Ntchito yake imayenda chonchi.

1. Yambani ndi masamu a papepala

Mphamvu yochokera pamwamba ndi yosavuta. Miyala yambiri yolimba imalemera pafupifupi matani 2.7 pa kiyubiki mita, choncho mita iliyonse yomwe mwatsika imawonjezera pafupifupi 0.027 MPa (megapascal, muyezo wa kupanikizika). Pa mamita 500 mupeza 13.5 MPa, kutanthauza kuwirikiza pafupifupi ka 60 mpweya wa m'tayala la galimoto yaing'ono. Pa kilomita imodzi ndi 27 MPa.

Vuto lili pa mphamvu za m'mbali. Kale anthu ankaganiza kuti zimakhala zochepa nthawi zonse, mwina gawo limodzi mwa magawo atatu a yochokera pamwamba. Nils Hast atayeza m'migodi ya ku Sweden m'zaka za m'ma 1950 anapeza kuti za m'mbalizo ndi zomwe zinali zazikulu. Mu 1978 Brown ndi Hoek anasonkhanitsa miyezo ya m'maiko osiyanasiyana ndipo nkhani inali yomweyo: pamalo osazama kwambiri, mphamvu ya m'mbali imatha kuposa yochokera pamwamba kawiri kapena kupitirira. Mphamvu ya m'mbali siwerengeredwa muofesi, imafuna kuyeza.

2. Onani zomwe ena anapeza kale

Tsegulani World Stress Map pa intaneti. Ntchitoyi inayamba mu 1986 ndipo pano imayendetsedwa ku Potsdam, ku Germany. Mapu ake amaonetsa komwe mphamvu yaikulu ya m'mbali yaloza m'dera lanu, ndipo mbali yaikulu ya chidziwitsochi inachokera ku zivomezi. Malawi ali m'chigwa chomwe nthaka ikung'ambika pang'onopang'ono, umboni wake ndi zivomezi za ku Salima mu 1989 ndi za ku Karonga mu 2009. Malo otere, mphamvu yaikulu nthawi zambiri imakhala yochokera pamwamba, pomwe imodzi mwa za m'mbali imakhala yofooka. Komabe mapu ndi a dera lonse. Pafupi ndi phiri, chigwa chakuya kapena mng'alu waukulu, mphamvu zimakhota n'kuloza kwina.

3. Werengani zomwe chibowo chikukuuzani

Apa anthu ambiri amataya chidziwitso chaulere. Mukamabowola zofufuzira, yang'anitsitsani core yemwe akutuluka, kutanthauza mwala wautali wozungulira womwe makina obowola amadula m'chibowo. Akamatuluka ataduka tizidutswa topyapyala tofanana kukula, totsatizana mundandanda, dziwani kuti pamenepo thanthwe lapanikizika kwambiri. Tsitsaninso kamera m'chibowo. Mukaona khoma lake lagumuka mbali ziwiri zoyang'anana, m'chibowo choimirira mbali zimenezo zikuloza komwe kuli mphamvu yochepa ya m'mbali, ndipo yaikulu yadutsa mopingasa. Lembani kuya kwake ndi komwe kwaloza. Zimenezi sizikupatsani nambala yeniyeni, koma zidzakuthandizani kugwira bodza la miyezo ina kutsogoloku.

4. Ngati simunafike pansipo, ng'ambani thanthwe ndi madzi

Njirayi, yomwe mainjiniya amaitcha hydraulic fracturing, ndi yomwe imagwira m'zibowo zakuya zobowoledwa kuchokera pamtunda. Sankhani chigawo cha chibowo chopanda ming'alu, ndipo core ndi kamera ndi zomwe zikuuzeni. Tsitsani mapaka awiri, omwe ndi zotsekera za labala zofufuma, olumikizidwa ndi payipi, muwafufumitse kuti atseke pamwamba ndi pansi, pakati patsale mpata wa mita imodzi kapena kucheperapo.

Kenako popani madzi mumpatamo pang'onopang'ono maso ali pa geji. Singano ikwera, ikwera, kenako mwadzidzidzi igwa. Pamenepo thanthwe lang'ambika, lembani nambala yomwe inafika pamwamba. Zimitsani pampu osatsegula valavu. Singano itsika mofulumira kenako iyamba kuchita ulesi, ndipo pomwe yasinthira liwiro ndi pomwe mng'alu wayamba kutsekeka. Nambala imeneyo ndiye mtima wa ntchito yonse, chifukwa imafanana ndi mphamvu yochepa ya m'mbali. Tulutsani madzi, mupopenso katatu kapena kanayi kuti muone mphamvu yomwe imatsegulanso mng'alu womwewo.

Pomaliza tsitsani paka wa labala wofewa wokhala ndi kampasi, mumufufumitse pamalo pomwe pang'ambika. Akatuluka amakhala ndi chidindo cha mng'aluwo, ndipo mng'alu umatsata komwe kuli mphamvu yaikulu ya m'mbali. Kukula kwa mphamvu yaikuluyo kumapezeka pochulukitsa yochepa ija katatu, n'kuchotsapo mphamvu yotsegulanso mng'alu ndi ya madzi a m'thanthwe. Kunena zoona, nambala iyi ndi yokayikitsa kusiyana ndi yoyamba ija, ndipo mu lipoti muzinena choncho osabisa.

5. Ngati mpita ulipo kale, masulani mwala muone momwe ukufutukukira

Iyi ndi overcoring, ndipo ine ndimaikonda chifukwa imapereka mphamvu za mbali zonse kuchokera m'chibowo chimodzi. Mfundo yake ndi yakuti mwala wopanikizika ukadulidwa kuchoka ku thanthwe umafutukuka pang'ono kwambiri, moti diso silingaone koma chipangizo chimamva.

Bowolani kuchokera pakhoma mpaka mutapitirira dera lomwe mpita wasokoneza, osachepera kawiri m'lifupi mwa mpitawo, ndipo chibowo chiloze m'mwamba pang'ono kuti madzi azituluka okha. Kumapeto kwake bowolani kachibowo kakang'ono ka mamilimita 38. Katsukeni mpaka madzi atuluke oyera, kenako mukaumitse. Lowetsanimo chipangizo chokhala ndi timageji tomva kufutukuka, monga CSIRO HI cell ya ku Australia, n'kuchimata ndi guluu. Musiye guluuyo usiku wonse. Mawa lake bowolani mozungulira ndi mpeni waukulu wa mamilimita pafupifupi 150, mukuwerenga manambala pamene mpeni ukudutsa chipangizocho. Manambala akamasintha bwinobwino kenako n'kukhazikika, ntchito yayenda. Akamadumphadumpha, guluu wamatuka kapena mwala wasweka, ndipo muyezo umenewo ndi wotaya basi, osaukakamiza.

Zinthu ziwiri zimawononga ntchitoyi mwakachetechete. China ndi fumbi lonyowa lotsalira m'kachibowo, lomwe limaletsa guluu kugwira. China ndi madzi obowolera otentha kapena ozizira kusiyana ndi thanthwe, chifukwa chipangizo chimawerenga kusintha kwa kutentha ngati kuti ndi mphamvu. Chidutswa chomwe chatuluka muchiike m'chipangizo chofinyira pompo, kuti mudziwe momwe mwala womwewo umafinyikira ndi kufutukuka, osati wa m'buku. M'thanthwe losweka kwambiri, lomwe silingatulutse chidutswa chachitali, mungagwiritse geji ina yotchedwa doorstopper, yomwe katswiri wina, Leeman, anakonza ku bungwe la kafukufuku la CSIR la ku South Africa m'zaka za m'ma 1960. Iyo imamatidwa kumapeto kwa chibowo kosalazidwa bwino, koma pamafunika zibowo zitatu zoloza kosiyana.

6. Bwerezani

Muyezo umodzi si muyezo. Pamalo amodzi chitani kangapo, ndipo musadabwe manambala akasiyana ndithu, thanthwe si chitsulo cha kufakitale. Kenako yerekezani ndi masamu a pa nambala 1. Ngati mphamvu yochokera pamwamba yatalikirana kwambiri ndi kulemera kwa miyala popanda phiri kapena mng'alu wofotokozera, kayikirani chipangizo musanakayikire dziko.

7. Manambalawo alowe mupulani

Pa mpita wozungulira, mphamvu yaikulu kwambiri m'mphepete mwake ndi katatu yaikulu kuchotsapo yaing'ono. Titenge mamita 500 aja, yochokera pamwamba 13.5 MPa, ya m'mbali yopingasa mpita 27 MPa. Kudenga ndi pansi mupeza 67.5 MPa, pomwe m'makoma muli 13.5 yokha. Mwala wolimba wosweka msanga umayamba kubanthuka mphamvu ikafika pafupifupi magawo 4 mwa 10 a kulimba kwake kwa mulabu, ndiye ngakhale mwala wa 150 MPa denga lake liyamba kuyoyoka. Mungatembenuze mpita kuti utsate mphamvu yaikulu, mungasinthe kaumbidwe kake, kapena muwonjezere mabawuti ndi waya kudenga.

Pa mipita yotengera madzi ku makina a magetsi, monga ntchito za pa mtsinje wa Shire, nkhawa imatembenuka. Choopsa ndi mphamvu yochepa. Mamita 100 aliwonse a madzi otsetsereka amakankha ndi pafupifupi 1 MPa, ndipo akaposa mphamvu yochepa ya thanthwe amatsegula ming'alu n'kuthawira m'phiri, simenti yokha singawaletse. Chigawo chilichonse chomwe mphamvu yochepa siyikuposa ya madzi ndi mpata wokwanira chiyenera kuvekedwa payipi ya chitsulo m'kati, ndipo pomwe chitsulocho chithere pasankhidwe ndi nambala ija ya pampu itazimitsidwa, yoyezedwa pamalo pomwepo.