Momwe mungakonzere zojambula zanu musanapite nazo ku chionetsero

Wojambula akaitanidwa koyamba kukaonetsa ntchito zake, mtima wonse umathamangira pa kujambula zatsopano usiku ndi usana. Komatu ambiri sagwa chifukwa chosowa luso. Amapunthwa pa ntchito imene imatsala burashi itaikidwa kale pansi.

Choyamba, kaoneni malowo ndi maso anu. Yezani makoma, onani komwe kuwala kukuchokera, ndipo funsani ngati amalola kukhoma misomali. Funsaninso tsiku lofikitsa katundu, chifukwa kawirikawiri limabwera masiku angapo chionetsero chisanatsegulidwe.

Chachiwiri ndi kusankha, ndipo apa musafulumire. Tsamiritsani zonse kukhoma, mukhale pansi muziyang'ane pamodzi. Chimene sichikumvana ndi zinzake chichotseni, ngakhale chikhale chomwe munachivutikira kwambiri. Zithunzi zochepa zogwirizana zimaposa mulu wothinana, pakuti woonera akatuluka ayenera kukumbukira dzanja limodzi, osati kumadabwa ngati zinajambulidwa ndi anthu atatu. Itanani mnzanu waluso amene sanyengerera, mumumvere. Zimawawa, koma bola kuwawidwa kunyumba.

Chachitatu, penti aume. Penti wa akiliki sachedwa kuuma, koma penti wa oyilo amanyenga: pamwamba pouma, mkati mukadali mwauwisi. N'chifukwa chake vanishi yomaliza imadikira miyezi 6 mpaka 12. Ngati nthawi yachepa, onetsani chithunzicho chopanda vanishiyo kusiyana n'kuchiwononga.

Kenako fulemu. Zojambula papepala, kaya ndi makala, pensulo kapena penti wamadzi, zisakhudzane ndi galasi. Ikani pakati katoni wopanda asidi wozungulira m'mbali mwa chojambulacho, ndipo selotepi wamba musamuyandikize, chifukwa pakapita zaka amasiya chikasu chosachoka. Pepala limaopanso kuwala. Nyumba zosungira zaluso zimaliunikira mochepa, pafupifupi 50 lux (lux ndi muyeso wa kuwala), choncho pemphani khoma losawombedwa ndi dzuwa. Kanivasi (nsalu yojambulapo) yopanda fulemu ikhale yoyera m'mbali, ndipo zopachikira zikhale zomangidwa kale kumbuyo. Popachika, ambiri amaika pakati pa chithunzi pa masentimita 145 mpaka 150 kuchokera pansi.

Kumbuyo kwa chilichonse lembani papepala dzina lanu, mutu, chaka, zipangizo ndi kukula kwake, kuyamba ndi msinkhu kenako mulifupi. Chijambuleni ndi kamera musanaike galasi. Konzaninso ndime imodzi yofotokoza chimene mumajambula ndi chifukwa chake, m'mawu omwe mungalankhule pamaso pa munthu osachita manyazi.

Nkhani ya ndalama musaiope, ndipo ndimamva chisoni ndikaona achinyamata akuizemba poopa kuoneka adyera. Nyumba zambiri zogulitsa zaluso zimatenga gawo pa chilichonse chagulidwa, nthawi zina mpaka theka la mtengo. Dziwani gawolo musanatchule mtengo wanu. Ndipo mtengo ukhale umodzi: mukamagulitsa motchipa kuseri, eni malowo adzamva, sadzakuitananinso. Lemberanani mgwirizano wonena zithunzi zimene mwasiya, mitengo yake, tsiku lolandira ndalama, amene adzalipire china chikawonongeka, ndi tsiku lokatenga zotsala. Aliyense asayine, atenge pepala lake.

Pomaliza, kunyamula. Pulasitiki wa timatuza tampweya asagunde penti, amadinda timadontho. Yambani ndi pepala losalala losamata, kenako pulasitikiyo timatuza titaloza kunja, ngodya muzitchinge ndi katoni. Zithunzi ziyende choimirira, nkhope kuyang'anana ndi nkhope, msana ndi msana, kuti zopachikira zisakande chinzake. M'chikwama mukhale tepi yoyezera, sikuludiraiva, nsalu yopukutira galasi ndi penti pang'ono wokonzera m'mbali mwa fulemu ngati yakalika panjira.