Mapasipoti awiri sanandithandize pabwalo la ndege: kwa anzanga ofuna kukapumira ku Joni

Ndinagwira ntchito ku England zaka 20, zambiri mwa zakazo ndikuyendetsa basi. Nditakwanitsa zaka 66 mu 2023 ndinapuma, mawondo atatopa ndi chisanu. Mwana wanga wamkazi amene anakwatiwa ku Durban anati, "Ababa, bwerani kuno kuli dzuwa, mudzaonenso adzukulu akukula." M'thumba ndinali ndi mapasipoti awiri, ya Malawi ndi ya Britain, ndipo ndinkakhulupirira kuti munthu wotere palibe khomo lomwe lingamutsekere. Chikhulupiriro chimenecho chinandidyera R28,000 ndi miyezi 7 yosaloledwa kuponda dziko limene kuli mwana wanga. Ndikulembera inu akuluakulu anzanga amene mwatsala pang'ono kupuma pantchito ndipo maganizo anu ali kumene kunali anga.

Yambani mwadzifunsa ngati unzika wa Malawi mulinawodi. Lamulo la unzika la 1966 silinkalola munthu wamkulu kukhala nzika ya mayiko awiri. Amene tinalumbira kukhala nzika za Britain m'zaka zimenezo, unzika wakwathu unatha, ngakhale kabuku kakale kanali kadakali m'sutikesi. Nyumba ya Malamulo inasintha lamuloli mu Disembala 2018, kulola obadwira ku Malawi ndi obadwa kwa makolo a Chimalawi kukhala ndi unzika uwiri. Koma unzika umene unatha subwerera wokha. Mumakapempha ku nthambi yoona zolowa ndi kutuluka m'dziko, n'kulipira, n'kudikira. Ine ndinachita zimenezi mu 2022. Potenga chitupa cha unzika ndi pasipoti yatsopano, onetsetsani kuti maina ndi tsiku lobadwa zikufanana chilembo ndi chilembo ndi zimene zili mu pasipoti inayo. Ambiri a msinkhu wathu tinabadwira kumudzi opanda kalata ya kubadwa, ndipo pena tinalemba dzina la bambo, pena la mfunda, pena chaka chimene anatilembera aphunzitsi a Sitandade 1. Ofesi ya mapasipoti ku Britain imafuna dzina limodzi m'mapasipoti onse, ndipo wogwira ntchito ya viza akaona maina awiri amaona anthu awiri.

Mukatero, mvetsani ichi, chifukwa ndi pamene ndinagwera. Mapasipoti awiri amakupatsani ufulu wokhala m'mayiko awiri basi. M'dziko lachitatu ndinu mlendo ngati wina aliyense. Kuchokera pa 1 Januwale 2021 ngakhale ku Portugal ndi ku Spain pasipoti ya Britain imangokupatsani masiku 90 pa masiku 180 aliwonse. Ku South Africa ya Britain imakulowetsani masiku 90 ngati wodzacheza, ya Malawi masiku 30. Masiku amenewa ndi ocheza, ndipo saphatikizana.

Chimene wopuma pantchito amafunika ku South Africa ndi retired person's visa, ya m'gawo 20 la lamulo lawo la Immigration Act la 2002. Imaperekedwa mpaka zaka 4 ndipo mungathe kuikonzanso. Mumasonyeza kuti mumalandira R37,000 pamwezi kuchokera ku penshoni kapena ku katundu amene amakubweretserani ndalama. Chiwerengerochi anachiika mu 2014, choncho chionaninso tsiku limene mukukapereka mapepala. Pamwamba pa izo pamafunika fomu, zithunzi, kalata ya dokotala ndi kalata ya polisi, zonse zosapitirira miyezi 6. Ya polisi ya ku UK imachokera ku ACRO, ofesi ya polisi yosunga mbiri ya milandu. Kuyambira Epulo 2023 anasiya kufuna lipoti la X-ray, ndipo kalata za polisi amafuna za mayiko amene mwakhalamo chaka chathunthu m'zaka 5 zapitazi. Mapepala mumakapereka nokha, mwini wake, kudzera ku VFS Global, kampani yolandira mapempho a viza m'malo mwa boma lawo (kumene kulibe VFS, ku ofesi ya kazembe wawo), ndipo woweruza pempho ndi Home Affairs, unduna wawo woona za m'dziko. Ntchito yake ndi yomweyi. Munthu wodziwa kuwerenga ndi kudekha angaichite yekha.

Ine sindinadekhe. Pagulu lina la WhatsApp la a Malawi anzathu munali nambala ya munthu amene ankati amathandiza za mapepala ku Joni. Ndinamuimbira ndili ku England. Anandiyankha m'Chichewa chakwathu, akunditchula kuti "madala", akufunsa za mawondo anga, ndipo kumapeto anati tipemphere kaye. Atamva kuti ndili ndi mapasipoti awiri anaseka n'kunena kuti, "Ndiye inu zanu zinatheka kale madala. Ingobwerani ndi ya Britain, masiku 90 aja ndi okwanira. Tikakulowetserani konkuno. Za ku London zimachedwa." Ndinafunsa ngati lamulo limalola. Anati wathandiza kale azibusa ndi manesi ambirimbiri.

Lamulo sililola, abale anga. Kuyambira Meyi 2014 munthu wolowa ku South Africa ngati wodzacheza saloledwa kusinthira ku viza ya mtundu wina ali m'dzikomo, kupatula pa zifukwa zochepa kwambiri zimene wopuma pantchito sizimukhudza. Pempho loyamba limaperekedwa m'dziko limene ndinu nzika kapena limene mumakhala. Phindu lenileni la unzika uwiri lili apa: ine ndikanatha kupereka ku UK kapena ku Malawi. Ndipo chaka chomwecho cha 2014 gawo la lamulo limene linkalembetsa ndi kuyang'anira othandiza anthu pa za viza linachotsedwa. Lero aliyense wokhala ndi tebulo, kompyuta ndi chidindo angadzitche ajenti. Kwathu timawatcha madobadoba, aja amakukutsekerezani pageti la ofesi ya mapasipoti. Uyu anangovala jekete.

Tinakumana mu Okutobala 2023 m'kachipinda ka pamwamba pa sitolo. Anatenga theka la ndalama pamanja, n'kutenganso pasipoti yanga ya Britain, ati akaionetse kwa "munthu wake wamkati". Patapita sabata ziwiri anandibweretsera pepala limodzi lokhala ndi nambala yaitali ndi timizere takuda pakona, n'kuti ndi lisiti, ndipo malinga ndili nalo palibe angandikhudze ngakhale masiku 90 atatha. Ndinamalizitsa ndalama tsiku lomwelo. Sindinapondeko ku ofesi iliyonse, sanandijambule, sanatenge zidindo za zala zanga. Mpongozi wanga anadabwa, n'kundifunsa kawiri ngati ndaiona nambalayo pa intaneti. Ndinamukalipira kuti asanyoze munthu wakwathu. Nambala ya lisiti lenileni imaoneka pa intaneti mukaifufuza, ndipo kufufuzako sikutenga ngakhale mphindi zisanu. Ine sindinafufuze.

Januwale anatha, masiku anga 90 n'kutha nawo. Ndikaimba foni, yankho linali lomwelomwelo: "Fayilo ili ku Pretoria madala, musade nkhawa." Kenaka anayamba kungoyankha ndi timawu tojambula, kenaka osayankha n'komwe.

Kumapeto kwa Febuluwale achimwene anga aakulu anamwalira kumudzi. Ndinayenera kukwera ndege mawa lake. Mwana wanga, ali ndi pakati pa miyezi 7, anakakhala pakhomo pa kachipinda kaja kuyambira masana mpaka usiku kuti alande pasipoti yanga. Munthu uja anaipereka, ndipo anawonjezera malangizo ena: "Auzeni madala atulukire ya Malawi. Kompyuta siikuidziwa imeneyo, masiku sawerengedwa." Ndinamveranso.

Pakauntala mayi wa yunifolomu anatsegula pasipoti ya Malawi, n'kuvundukula masamba onse mpaka kumapeto, n'kuyambiranso. Munalibe chidindo cholowera. Anandifunsa mwaulemu kuti ndinalowa bwanji m'dziko lawo. Ndinatulutsa ya Britain manja akunjenjemera. Anapeza chidindo cha Okutobala, natenga cholembera, n'kuwerengera pakapepala: masiku 41 opitirira. Nthawi imeneyo boma lawo linkalola anthu amene mapempho awo anachedwa kutuluka popanda chilango akasonyeza lisiti lenileni, choncho anandifunsa ngati ndili nalo. Ndinapereka pepala langa lija ndi mtima wonse. Analemba nambalayo pakompyuta kawiri, natembenuza nkhope kundiyang'ana, n'kunena kuti nambalayo kulibe. Anandipatsa fomu yolembedwa kuti ndine "undesirable", munthu wosafunika m'dzikomo, kwa zaka 5. Mayiyo sanalakwe kanthu, lamulo limatero: kupitirira ndi masiku osaposa 30 ndi chaka chimodzi, kuposa 30 ndi zaka 5. Ndinasaina. Ndinakaika maliro a achimwene, koma kubwerera ku Durban kumene ndinasiya zovala, mankhwala a BP ndi mwana woyembekezera kunakanika. Mdzukulu wanga anabadwa mu Epulo, ndinamuonera pafoni.

Ndinachita apilo, ndipo apa fulumirani chifukwa nthawi yake ndi masiku 10 ogwira ntchito. Ndinatumiza kalata yofotokoza zonse, lisiti lonama lija, mauthenga a pafoni, umboni wa ndalama zimene ndinalipira ndi kalata ya imfa ya achimwene. Chiletso chinachotsedwa patatha miyezi 7. Kenaka ndinapereka pempho langa ndekha ku UK, ndipo viza ya zaka 4 inatuluka. Ndalama zija sizinabwere.

Tsono tamverani. Pasipoti yanu musamusiyire munthu aliyense amene si wa pakauntala ya ofesi yovomerezeka, kaya ndi mkulu wa mpingo, kaya ndi wakumudzi kwanu. Munthu akati ali ndi "wamkati", dzukani pampando muzipita. Akati akukonzereni masitetimenti a kubanki kuti ndalama zioneke zokwana, thawani kwambiri, chifukwa pepala lachinyengo likagwidwa wolangidwa ndi amene dzina lake lili pamwambapo. Ngati mukufunadi wokuthandizani, pezani loya wolembetsedwa amene angakupatseni lisiti la ofesi yake, ndipo ngakhale iyeyo sangakaimirire m'malo mwanu tsiku lopereka mapepala.

Sankhani pasipoti imodzi ndipo muyende nayo njira yonse: fomu, kalata ya dokotala, viza, kulowa, kutuluka. Viza imamatidwa mu pasipoti imodzi, ndipo inayo siidziwa kanthu za viza imeneyo. Fomu ikafunsa za unzika wina, lembani zoona. Zodumphira ku Lesotho kapena ku Eswatini kuti mubwere ndi masiku atsopano zisiyeni, sawerengera choncho. Ngati mukungofuna kucheza nthawi yotalikirapo, masiku a wodzacheza amatheka kuwonjezera kamodzi mukapempha nthawi ikadalipo. Viza ya opuma pantchito nayo muyambe kuikonzanso kutatsala masiku osachepera 60 kuti ithe, ndipo si chilolezo chogwirira ntchito.

Nkhani ya ndalama ndiyo imandipweteka ndikamva anzanga akuipeputsa. Penshoni ya boma ya UK yathunthu inali £230.25 pasabata mu 2025, ndipo kuti muilandire yonse pamafunika zaka 35 zosonkha National Insurance. Ife amene tinafika cha m'ma 2000 tili ndi zaka 20 kapena kucheperapo, ndiye timalandira gawo chabe. Ngakhale yathunthuyo payokha sifika R37,000 pamwezi. Ine ndinakwanitsa nditaphatikiza penshoni ya kuntchito ndi lendi ya nyumba. Choopsa china n'chakuti mukasamukira ku South Africa penshoni ya bomayo imaima pamene ili, sikweranso chaka ndi chaka monga imachitira kwa okhala ku UK. Ku Malawi n'chimodzimodzi. Imakwerabe kwa okhala m'mayiko a EU, ku United States, ku Mauritius ndi ena ochepa amene ali ndi mgwirizano ndi Britain. Werengerani kuti ndalama imene mudzanyamuke nayo pa zaka 66 ndi yomweyo mudzalandire pa zaka 80, mitengo ya zinthu itakwera kangapo. Ndipo akakutumizirani kalata yofuna umboni woti mudakali moyo, isainitseni ndi kuibweza msanga, apo ayi ndalama amaimitsa.

Zachipatala musazisiye kumapeto. NHS, nthambi ya zachipatala ya boma la UK, imayang'ana kumene munthu akukhala, pasipoti ilibe nayo ntchito. Mukasamuka, chithandizo chaulere cha m'chipatala ku England chatha, ngakhale munasonkha msonkho zaka zonsezo. Ku South Africa medical aid, inshuwalansi ya zachipatala, imalipiritsa chilango munthu wolowa atapitirira zaka 35, ndipo kwa ife achikulire chilangocho chingafike 75 peresenti pamwamba pa mtengo wa mwezi. Matenda amene mwabwera nawo angakudikiritseni miyezi 12 asanayambe kulipira. Wa shuga ndi BP anyamule mankhwala okwanira ndi kalata ya dokotala wake.

Ganiziraninso amayi kunyumba. Akazi anga sanatenge unzika wa Britain, ali ndi indefinite leave to remain, chilolezo chokhaliratu ku UK, pa pasipoti ya Malawi. Chilolezo chimenecho chimafa munthu akakhala kunja kwa UK zaka 2 zotsatizana. Mabanja ambiri akwathu ali chonchi, mmodzi nzika, wina ayi, ndipo amanyamuka limodzi osadziwa kuti mmodzi yekha ndiye ali ndi njira yobwererera. Ife tinagwirizana kuti amayi ayambe atenga unzika asanasamuke, ngakhale kuti zatilekanitsa kwa kanthawi. Za chilolezo chokhaliratu ku South Africa, chimene opuma pantchito angapemphe pa gawo 27(e) la Immigration Act ija, ndi bwino kuchiyamba viza yanu ikadali ndi zaka zambiri, chifukwa yankho lake limachedwa.

Munthu uja adakalipo. Sabata yatha ndinaona nambala yake pagulu lina, dzina atasintha, ndipo mayi wina wopuma unesi ankafunsa kuti amalipiritsa zingati. Ndinapempha nambala ya mayiyo, ndinawaimbira usiku womwewo, n'kuwatumizira chithunzi cha fomu imene ndinasaina pabwalo la ndege.