Momwe mungasiyanitsire aluminiyamu, zinki, mkuwa ndi mtovu ndi madzi a maginito

Wogula zitsulo zakutha amadziwa kuti pa mulu wake maginito amakoka chitsulo wamba. Aluminiyamu, zinki, mkuwa ndi mtovu zimatsala pamulu umodzi, ndipo zikaphwanyidwa kukhala tizidutswa, kutola kamodzikamodzi ndi dzanja n'kutaya nthawi. Chimene chimazisiyanitsa ndi kulemera. Poyerekeza ndi madzi ochuluka mofanana nazo, aluminiyamu amalemera kuwirikiza ka 2.7, zinki ka 7.1, mkuwa pafupifupi ka 9, mtovu ka 11.3. Mutapeza madzi olemera kuposa aluminiyamu koma opepukirapo kuposa zinki, china chingayandame, china n'kumira.

Madzi otchedwa ferrofluid amagwira ntchito imeneyi. Anawapanga ndi Steve Papell wa ku NASA, bungwe la ku America loona za m'mlengalenga, mu 1963, pofuna kukoka mafuta a roketi ndi maginito. Ndi madzi kapena palafini wosakaniza ndi timibulu ta magnetite (mwala wachitsulo wokokedwa ndi maginito) tating'ono zedi, moti 100,000 titandanda pamzere timangokwana milimita imodzi. Kambulu kalikonse n'kokutidwa ndi mankhwala oti kasamatirire ku kanzake. Maginito akakhala amphamvu chakunsi kwa chidebe, madziwo amathamangira pansi n'kumakankhira m'mwamba chilichonse chosakokedwa ndi maginito. Mukawonjezera mphamvu ya maginito, madzi omwewo amakhala ngati alemera kwambiri.

Yambani ndi kuchotsa chitsulo wamba chonse ndi maginito. Kamsomali kamodzi kakatsala, kakakamira pansi pa chidebe n'kusokoneza mphamvu ya maginito pamalopo. Kenako phwanyani, sefani kuti tizidutswa tikhale tofanana kukula, mutsuke mafuta ndi fumbi, muumitse. Waya wa mkuwa womwe ukadali m'pulasitiki wake musauponyemo, chifukwa kulemera kwake si kwa mkuwa, si kwa pulasitiki.

Chidebe chikhale cha pulasitiki kapena galasi. Chiikeni pakati pa mbali ziwiri za maginito a magetsi, zosulidwa moti mpata wake ukupanikizika chakunsi. Pamenepo mpomwe mphamvu imachuluka. Thirani madzi aja.

Apa mpofunika kudekha. Musadalire manambala a pa makina okha. Tengani kachidutswa ka aluminiyamu ndi ka zinki timene mukutidziwa bwino, muponyemo, ndipo kwezani magetsi pang'onopang'ono. Madziwa ndi akuda bii, simungaone za pansi, ndiye mungoyang'anira pamwamba mpaka aluminiyamu atatulukira, wonyezimira ndi utoto wakudawo, zinki adakali pansi. Imani pomwepo. Thirani mulu wanu pang'onopang'ono, osaunjika, ndipo zoyandama muziziwola ndi sefa ya pulasitiki. Mukatha, kwezani mphamvu kuti kulemera kwa madziwo kufike cha pa 8: zinki akwera, mkuwa ndi mtovu zitsala. Kwezaninso cha pa 10, mkuwa ukwera, mtovu utsala wokha. Brass, yemwe ndi mkuwa wosakaniza ndi zinki, amavuta: ali cha pa 8.5, pafupi kwambiri ndi mkuwa, ndiye musadabwe akamatulukira limodzi.

Gawo limene ambiri amalipeputsa ndi kutsuka, koma ndalama zimathera pamenepo. Kachidutswa kalikonse kamatuluka katanyamula madzi odulawa pathupi pake. Tiikeni pa sefa tidonthere m'beseni, kenako titsukeni ndi madzi ngati ferrofluid wanu ndi wa madzi, kapena palafini ngati ndi wa palafini. Zotsukirazo musataye, muli magnetite wanu. N'chifukwa chake njirayi imapindulitsa pa tizidutswa tating'ono ta mtengo wapatali; kampani ya De Beers ku South Africa inaigwiritsa ntchito posankha dayamondi. Mutu wa injini kapena chivundikiro cha poto, dzanja ndi diso zikwana.

Valani magolovesi, chifukwa madziwa akadontha pa malaya sachoka, ndipo mtovu ndi poizoni. Wa palafini musayandikire naye moto. Foni, wotchi ndi sipanala zikhale kutali ndi maginito. Ngati aluminiyamuyo akupita kwa osungunula mapoto ndi mabeseni ophikira, mubwezereninso m'chidebe kachiwiri, chifukwa kambulu ka mtovu kakhoza kukwera nawo katakanirira m'kachidutswa kopindika.