Momwe mungathandizire sitiroberi kudya bwino m'dothi la laimu pogwiritsa ntchito mabakiteriya

Masamba anthete a sitiroberi akayamba kuchita chikasu koma mitsempha yake n'kukhalabe yobiriwira, ambiri amathamangira feteleza. Chonsecho chakudya chimakhala chilimo kale m'dothimo, kungoti laimu wachimanga. M'dothi loyererako ngati choko, pH (muyezo wa asidi m'dothi: nambala ikamakwera, ndiye kuti asidi akuchepa) imapitirira 7.5, ndipo mizu imalephera kuyamwa ayironi ndi fosiforasi, zomwe ndi zakudya za mbewu. Sitiroberi imakonda pH ya pakati pa 5.5 ndi 6.5. Mabakiteriya ena okhala pamizu amatha kumasula chakudya chomangikachi.

Yambani ndi kutsimikiza kuti vuto ndi laimu. Tapani dothi louma pang'ono m'kambale, mudonthezepo viniga. Likatulutsa thovu, laimu alimo wambiri. Kuyambira tsiku limenelo phulusa lisafikenso pabedipo, chifukwa limakweza pH.

Kenaka sankhani mabakiteriya, ndipo apa werengani paketi mofatsa. Pseudomonas fluorescens amatulutsa timankhwala totchedwa siderophore, timene timagwira ayironi n'kumusunga pafupi ndi muzu. Bacillus megaterium amatulutsa asidi amene amasungunula fosiforasi womangidwa ndi kashiamu wa mu laimu. Mitundu ya Bacillus ilinso ndi ubwino wakuti imapirira kuuma ndi kutentha, choncho imasungika nthawi yaitali kuposa Pseudomonas. Paketi yosatchula dzina la mabakiteriya, kuchuluka kwake ndi tsiku lotha mphamvu, isiyeni. Mukugula chinthu chamoyo, ndipo chakufa sichingakugwirireni ntchito.

Musanawokere, sakanizani manyowa owola bwino ndi dothi lapamwamba. Mabakiteriya nawo amafuna chakudya ndi chinyezi, ndipo m'dothi louma gwa lopanda zowolerana amatha msanga.

Tsiku lowokera ndi limene pamafunika chisamaliro chachikulu. Sungunulani mabakiteriya m'ndowa motsatira muyezo wa papaketi. Madzi akhale amvula kapena ena opanda kolorini. Ngati ndi apampopi, agonetseni usiku wonse m'ndowa yosavundikira. Sasani dothi kumizu ya mbande pang'onopang'ono kuti timizu toyera, toonda ngati ulusi, tisaduke, popeza ndi pamenepo mabakiteriya amakakhazikika. Viikani mizu yokha kwa mphindi pafupifupi 30, ndowa ili pamthunzi. Wokerani madzulo dzuwa litapepa, mizu isanaume. Samalani kuti mtima wa mbande, pamene masamba amatulukira, ukhale pamwamba pa dothi, mukaukwirira umawola. Madzi otsala m'ndowa musataye, thirirani patsinde pa mbande iliyonse.

Ine ndimalimbikitsa kwambiri kusiya mzere umodzi wosaviika. Popanda mzere umenewu simungadziwe ngati kusintha kwabwera ndi mabakiteriya kapena ndi manyowa chabe.

M'masabata otsatira thirirani mwa muyezo. Madzi akamadikha m'dothi la laimu, chikasu chija chimakula, chifukwa mizu imasowa mpweya ndipo ayironi amavutanso kulowa. Phimbirani bedi ndi udzu wouma. Mankhwala okhala ndi kopa asafike pamizu, amapha mabakiteriya. Ngati pakufunika feteleza wa nayitirojeni, ammonium sulphate ndiye woyenera, chifukwa amatsitsako pH mozungulira muzu.

Poona zotsatira, yang'anani masamba amene akuphukira kumene. Akale achikasu aja kawirikawiri sabwereranso mwakale, ndiye asakufooketseni.

Pamene laimu wachuluka kwambiri, mabakiteriya okha sangakwanitse. Masamba atsopano akamatuluka otuwa mpaka kupsa m'mphepete, thirirani m'dothi ayironi wa mtundu wa Fe-EDDHA, amene amagwirabe ntchito pH ikakwera. Ayironi wamba amangomangikanso akafika m'dothi lotere.

Njira yomweyi imathandizanso chipatso china chotchedwa rasipiberi. Koma chipatso cha buluberi ndi nkhani ina: imafuna pH ya pakati pa 4.5 ndi 5.5, ndipo palibe mabakiteriya amene angatsitse dothi la choko kufika pamenepo. Imeneyo ibzaleni m'miphika yokhala ndi dothi la asidi, muzithirira madzi amvula.