Ndondomeko yogulira kanyumba kopumulirako m'mphepete mwa nyanja

Bambo wina wa ku Dedza wafunsa zoyenera kuchita asanagule kanyumba kopumulirako kamene kakugulitsidwa ku Senga Bay, pakati pa mitengo, pafupi ndi mchenga wa nyanja.

Bambo, choyamba mukaone malowo ndi maso anu, makamaka cha mu Epulo kapena Meyi madzi atakwera, chifukwa mu 2024 nyanja inasefukira n'kulowa m'nyumba zambiri za m'mphepete. Kenako pemphani chikalata cha lizi, mukachitsimikize ku Unduna wa za Malo ku Lilongwe, ndipo mufufuzenso ngati mwiniwake alibe ngongole ya msonkho wa malo kapena sanapereke nyumbayo kubanki ngati chikole. Mukatero itanani wopima malo adzakusonyezeni malire. Ndalama muzipereke kudzera kwa loya, chilolezo chosinthira umwini chitatuluka.