Momwe dera lingagwirire ntchito ndi yunivesite kuti lilimbe pa mavuto

Ofufuza amafika ndi mapepala a mafunso, amalemba, amajambula zithunzi, kenako osaonekanso. Lipoti likamatuluka patatha zaka ziwiri, madzi amakhala atasefukiranso pamalo pomwe paja. Ngati muli m'komiti ya dera, m'bungwe kapena ndinu mphunzitsi wa pa yunivesite, zinthu zikhoza kuyenda mwina mukatsata njira izi.

Choyamba, funso la kafukufuku lichoke kwa eni dera. "Kusintha kwa nyengo" ndi mutu wa msonkhano chabe. Funso lothandiza ndi lofanana ndi ili: bwanji chenjezo la madzi limafika mochedwa kwa okalamba okhala kumunsi kwa mtsinje? Musanapite ku yunivesite, khalani pansi, musankhe vuto limodzi lokha.

Chachiwiri, itanani akatswiri a maphunziro osiyanasiyana pa tsiku loyamba lomwelo. Apa ndi pamene ambiri amaphonya: amayamba ndi injiniya, ndipo wa zachikhalidwe amamukumbukira ntchito itatha, kuti "akafotokozere anthu". Mu 1995 kutentha koopsa kudapha anthu oposa 700 mumzinda wa Chicago ku America. A zanyengo adayeza kutenthako, madokotala adafotokoza momwe thupi limafookera, koma Eric Klinenberg, katswiri wa kakhalidwe ka anthu, ndi amene adaonetsa kuti madera awiri oyandikana, osauka onse, adasiyana kwambiri pa imfa. Kumene m'misewu munali anthu, okalamba ankatuluka n'kuonedwa. Kumene nyumba zambiri zidasanduka mabwinja, ankadzitsekera chifukwa cha mantha n'kufa okhaokha. Chida choyezera kutentha sichikadaona zimenezo. Choncho vuto likakhala la madzi, pamphasa pakhale wa za mitsinje, wa zaumoyo, wa zachuma komanso wodziwa momwe uthenga umayendera pakati pa anthu.

Chachitatu, eni dera akhale ofufuza nawo, asamangoyankha mafunso. Mu 2014 mzinda wa Flint ku America udayamba kutunga madzi akumwa mumtsinje wa Flint, ndipo anthu atadandaula, akuluakulu ankati madziwo ali bwino. Mu 2015 anthuwo adatunga okha madzi a m'mipopi ya m'nyumba zawo n'kutumiza ku yunivesite ya Virginia Tech, kumene gulu la Marc Edwards lidapeza kuti muli mtovu wambiri, chitsulo chomwe ndi poizoni m'thupi. Dokotala wa ana, Mona Hanna-Attisha, adaonetsanso kuti mtovu udakwera m'magazi a ana. Yunivesite inali ndi labotale, anthu anali ndi makiyi a nyumba, dokotala anali ndi zotsatira za magazi. Umboni wa atatuwa utakumana, kukana kudavuta.

Chachinayi, lembani mgwirizano ntchito isanayambe. Ndani adzasunge zomwe zapezeka? Otolera uthenga adzalipidwa bwanji? Mayina a anthu adzatetezedwa motani? Funsaninso kalata yoonetsa kuti komiti yoona za ufulu wa anthu pa kafukufuku yavomereza. Wofufuza weniweni sakhumudwa mukaifunsa.

Chachisanu, zotsatira zibwerere kwa eni ake m'chilankhulo chawo, pamsonkhano, asanazitumize ku magazini a akatswiri. Mapu oonetsa njira yothawira madzi ndi othandiza kuposa lipoti la masamba 80. Ndipo muziyese: imbani chenjezo loyeserera, muwerenge nthawi imene latenga kufika kwa munthu wakutali kwambiri, mukonze pomwe lachedwa.

Pomaliza, kambiranani za tsiku limene ndalama za polojekiti zidzathe, chifukwa zimatha, ndipo ophunzira amene ankabwerabwera amamaliza maphunziro n'kupita. Sankhani tsopano amene adzawerenge chida choyezera mvula, amene adzagule mabatire, ndi mphunzitsi amene dera lidzamuimbire foni chidacho chikawonongeka. Mayina awo alembedwe mumgwirizano womwe uja.