Momwe mungakonzere laputopu ndi mapulogalamu aulere osamaliza bandulo

Malaputopu ambiri omwe akugwira ntchito kuno ku Ntcheu, m'masukulu, m'mabungwe ang'onoang'ono ndi m'mashopu otaipa makalata pa boma, ndi oti anagwirapo kale ntchito kunja. Amabwera ndi Office yothyola imene wogulitsa anaikamo kuti katundu ayende msanga. Pakangotha miyezi ingapo, pamwamba pamatulukira uthenga wofiira woti laisensi yakanika, mwini wake n'kuthamangira kwa mnyamata wina kuti aikonze, n'kulipira, n'kubwerako ndi vayirasi ya basela. Komatu pafupifupi ntchito iliyonse imene mphunzitsi, mlembi wa kalabu ya alimi kapena wofuna ntchito amagwira pa kompyuta ili ndi pulogalamu yake yaulere, yololedwa, yosafuna kuthyola. Chodula ndi bandulo yoidawunilodera. N'chifukwa chake ndondomekoyi ikuyamba ndi kuteteza bandulo, mapulogalamu abwera pambuyo.

Gawo 1: Tsekani kaye podontha

Mukangolumikiza laputopu ku hotspot ya foni, Windows imaganiza kuti yapeza Wi-Fi yopanda malire, ndiye imayamba kudzikokera zosintha zake mwakachetechete. Inu mukutsegula imelo imodzi, uthenga wafika kale woti bandulo yatha. Kugula ina musanakonze izi kuli ngati kutunga madzi ndi ndowa yobooka.

Pa Windows 10 kapena 11 tsegulani Settings, pitani pa Network & Internet, dinani Wi-Fi, sankhani dzina la hotspot yanu, kenako yatsani pomwe alemba Metered connection. Mukatero Windows imadziwa kuti intanetiyi ndi yogula, ndipo imasiya kukoka zambiri mwa zinthu zolemera. Chitani izi pa hotspot iliyonse payokhapayokha, chifukwa kompyuta imakumbukira netiweki imodziimodzi. Koma musaiwale kuti zosinthazo n'zimene zimatseka mipata yolowera mavayirasi, choncho tsiku lomwe mwapeza Wi-Fi ya ku ofesi, ilekeni kompyuta imalize zake.

Palinso kena kokhudza ife a m'malire. Kuchokera ku Biriwiri kudutsa Mlangeni ndi Lizulu kulowera ku Dedza, msewu wa M1 umayenda m'mphepete mwenimweni mwa Mozambique, ndipo foni imatha kudumphira pa netiweki ya tsidya linalo inu osadziwa. Lowani mu Settings ya foni, thimitsani Data roaming, ndipo posankha netiweki chotsani Automatic n'kusankha nokha Airtel kapena TNM.

Gawo 2: Firefox ndi uBlock Origin

Tsamba la pa intaneti limene nkhani yake ndi ndime zisanu limatha kubwera ndi zotsatsa malonda, timavidiyo todziyambira tokha ndi zina zokulondolani komwe mukupita, zonsezo zikudya bandulo yanu. Add-on, kutanthauza kapulogalamu kowonjezera pa browser, yomwe imaletsa zimenezi bwino ndi uBlock Origin, yomwe Raymond Hill anaiyamba mu 2014. Ndi yaulere ndipo sipempha kanthu.

Pa ma browser, mapulogalamu otsegulira masamba a pa intaneti, ndikulangizani Firefox pa chifukwa chimodzi chomveka: Chrome inasintha malamulo ake a ma add-on, moti uBlock Origin yathunthu siigwiranso ntchito kumeneko, kwatsala yopepuka yotchedwa uBlock Origin Lite. Pa Firefox yathunthuyo ikugwirabe, ngakhale pa foni ya Android.

Mukaika Firefox, dinani timizere titatu ta pakona yakumanja, lowani pa ma add-on, lembani uBlock Origin. Onetsetsani kuti dzina la mwini wake ndi Raymond Hill, chifukwa pali ena a maina ofananako omwe si iyeyo. Dinani Add to Firefox. Kachishango kofiira kakaonekera pamwamba, yayamba kale ntchito. Amene bandulo yawo ndi yochepetsetsa alowe mu Settings ya uBlock n'kuchonga pomwe akuti Block media elements larger than 50 KB: zithunzi zikuluzikulu sizitseguka mpaka mutazidina nokha. Tsamba limaoneka losakongola, koma nkhani mumawerenga yonse. Mu Settings ya Firefox, pa Privacy & Security, pezani Autoplay n'kusankha Block Audio and Video.

Tinene chilungamo apa: masamba a nkhani, kuphatikizapo akwathu kuno, amadyera zotsatsazo. Ngati pali tsamba lomwe mumalikonda ndipo silikuvutitsani, dinani kachishango kaja, dinani batani lalikulu la buluu, uBlock izisiya tsamba limenelo lokha.

Gawo 3: Dawunilodani kamodzi, sungani pa fulashi

Onani kaye ngati kompyuta yanu ndi ya 64-bit kapena 32-bit, pa Settings, System, About, kuti podawuniloda musankhe fayilo yogwirizana nayo. Kenako pangani foda imodzi, n'kutengera pulogalamu iliyonse pa tsamba la eni ake, osati pa masamba odzaza mabatani obiriwira a Download. LibreOffice ili pa libreoffice.org ndipo imalemera pafupifupi 350 MB. Iyi ndiyo yaikulu, muidikirire bandulo ya usiku ngati netiweki yanu ili nayo. VLC, yoonera mavidiyo ndi kumvera nyimbo za mtundu uliwonse, ili pa videolan.org, pafupifupi 40 MB. 7-Zip, yomasulira mafayilo omangidwa a zip ndi rar, ili pa 7-zip.org ndipo sikwana 2 MB. SumatraPDF ndi kowerengera PDF kopepuka, koyenera laputopu yotopa.

Mafayilo amenewa musawafufute mukamaliza kuika. Akopereni pa fulashi. Aphunzitsi khumi a pa sukulu imodzi ku Kasinje kapena ku Tsangano safunika kudawuniloda LibreOffice kakhumi. Mmodzi agule bandulo, enawo asonkhe, fulashi izungulire. Malamulo a mapulogalamu amenewa amalola kugawana, palibe kuba apa.

Gawo 4: Ikonzeni LibreOffice kuti isakuchititseni manyazi

LibreOffice inayamba mu 2010 kuchokera ku OpenOffice, ndipo imayang'aniridwa ndi bungwe losachita malonda la The Document Foundation la ku Germany. Mkati mwake muli Writer yolembera makalata, Calc yowerengetsera ndalama ndi manambala, ndi Impress yokonzera zoonetsa pa msonkhano. Imatsegula mafayilo a Word ndi Excel.

Ambiri amaitaya tsiku loyamba lomwelo pa chifukwa chaching'ono. Payokha imasunga kalata ngati fayilo ya .odt, ndiye mukatumiza kwa abwana pa WhatsApp, foni yawo ina imakana kuitsegula. Konzani izi musanalembe chilichonse. Dinani Tools, Options, Load/Save, General. Pansi pali pomwe alemba Document type: sankhani Text document, ndipo pa Always save as sankhani ya Word yothera ndi .docx. Bwerezani pa Spreadsheet, musankhe .xlsx. Pa tsamba lomwelo chongani Save AutoRecovery information, muike mphindi 5. Batire la laputopu yakale silisunga moto, ndipo magetsi akathima mwadzidzidzi, n'zimenezi zomwe zimakupulumutsirani ntchito ya m'mawa wonse.

Mukamalemba Chichewa, mawu onse amadulidwa mzere wofiira kunsi poti pulogalamuyo ikuwayesa Chingerezi cholakwika. Dinani Shift ndi F7 pamodzi, mizereyo ichoka. Ofuna ŵ wa kadenga alembe 0175 kenako adine Alt ndi X nthawi imodzi. Manambalawo asanduka chilembocho.

Calc ndiyo ndingakonde kuti alembi a banki m'khonde ndi ogulitsa kachewere aizolowere. Mzere wotsika wa A lembani maina a mamembala, wa B masheya a sabata ino. Ngati mamembala ali 20 ndipo mwayambira pa mzere wachiwiri, pansi pake lembani =SUM(B2:B21) n'kudina Enter. Chiwerengero chonse chituluka chokha, ndipo mukasintha nambala ya munthu mmodzi, chonsecho chisinthanso. Mkangano wa tsiku logawana uja, woti alembi anawonkhetsa molakwa, umachepa ndithu. Kope la pamanja lisungenibe, chifukwa ndi lomwe mamembala amasainamo.

Kalata iliyonse yopita kunja, makamaka yofunsira ntchito, itumizeni ngati PDF kuti mizere isasokonekere pa kompyuta ya wolandira: File, Export As, Export as PDF.

Gawo 5: Kuchepetsa zikalata zofunsira ntchito

Malo ambiri ofunsira ntchito kapena sukulu pa intaneti amafuna fayilo imodzi yosapitirira 2 MB kapena 5 MB, pomwe chithunzi chimodzi cha foni yamakono chimatha kukwana zimenezo chokha. Satifiketi ya MSCE, ya koleji, chiphaso cha unzika ndi kalata ya umboni mukaziphatikiza, fayilo imakana kukwera, tsiku lotsekera lili lomwelo.

Yambani ndi kujambula bwino. Ikani pepalalo pa tebulo pafupi ndi zenera, osayatsa kuwala kwa kamera, foni ikhale pamwamba molunjika. Mu Google Drive ya pa foni muli Scan, yomwe imadula m'mbali, kuwongola pepala n'kulisunga ngati PDF.

Ngati muli kale ndi zithunzi, tsegulani squoosh.app mu browser. Kokerani chithunzi pakati pa tsambalo, yatsani Resize, muike m'lifupi 1500, Quality muisiye pa 75 kapena muitsitseko pang'ono. Pakati pali mzere woti muziukoka uku ndi uku poyerekeza chakale ndi chatsopano. Malinga ngati chidindo ndi magiredi zikuwerengeka, zili bwino. Ubwino wa Squoosh ndi woti chithunzicho sichichoka mu kompyuta yanu, ntchito yonse imachitikira momwemo.

Pophatikiza ma PDF angapo anthu amakonda iLovePDF, ndipo imagwiradi ntchito, koma kumeneko fayilo yanu imakwera kupita pa makompyuta a eni tsambalo, n'kudyanso bandulo popita ndi pobwera. Kwa chikalata wamba palibe vuto. Kwa chiphaso cha unzika kapena pepala la ku banki ine ndimasankha PDF24 Creator, yaulerenso, yomwe mumaika mu kompyuta ndipo imaphatikiza, kudula ndi kuchepetsa PDF popanda intaneti. Ndi yolemerako podawuniloda, choncho nayonso ilowe pa fulashi ya gulu ija.

Gawo 6: Laibulale yopanda netiweki

Kumadera monga Ganya kapena kutsika ku Bwanje, komwe netiweki imafuna kukwera pachulu, Kiwix ndi yothandiza kwambiri. Ndi pulogalamu yaulere yomwe inayamba mu 2007, yowerengera Wikipedia ndi zina popanda intaneti. Mumaika pulogalamuyo pa kompyuta kapena pa foni ya Android, kenako mumatenga mafayilo othera ndi .zim pa library.kiwix.org.

Musayerekeze kutenga Wikipedia yonse ya Chingerezi ya zithunzi, imeneyo ili pafupifupi 100 GB. Sankhani timagawo: pali ya masamu yokha, ya Chemistry, ya Physics, ya zaumoyo, komanso Simple English yomwe mwana wa Fomu 2 angaimve. Mafayilo olembedwa nopic alibe zithunzi ndipo ndi opepuka kwambiri kuposa olembedwa maxi. Aphunzitsi a sayansi pa CDSS yopanda labu afunefune PhET, timasewero toonetsa momwe magetsi amayendera mu waya kapena momwe mpweya umachitira ukatenthedwa. Wikipedia ya Chichewa iliponso, koma nkhani zake zikadali zochepa.

Tsamba lililonse lomwe mukufuna kudzawerenganso kunyumba, dinani Ctrl ndi P, musankhe Save to PDF.

Gawo 7: Fulashi ikabwerako yodwala

Fulashi yozungulira imatola matenda, makamaka ikadutsa pa shopu yosindikiza kapena kwa oika nyimbo ndi mafilimu. Chizindikiro chake n'chodziwika: mafoda onse asanduka ma shortcut okhala ndi kamuvi pakona, kapena fulashi ikuoneka yopanda kanthu koma ikuonetsa kuti ndi yodzaza. Musadine shortcut iliyonse, chifukwa kudinako ndiko kumalowetsa vayirasi mu kompyuta. Musafulumirenso kuifomata, mafayilo anu alimo, angobisidwa.

Dinani kumanja pa fulashiyo n'kusankha kuti Microsoft Defender iunike. Defender imabwera kale ndi Windows 10 ndi 11, ndipo ikamalandira zosintha zake ndi yokwanira. Antivirus yothyola ndi yoopsa kuposa kukhala wopanda. Ikamaliza, onani chilembo cha fulashiyo, tinene kuti ndi E. Pa Start lembani cmd, tsegulani, ndipo pa zenera lakudalo lembani izi ndendende:

attrib -h -r -s /s /d E:\*.*

Dinani Enter n'kudikira pang'ono. Mafoda enieni abwerera, nthawi zina ali mkati mwa foda yopanda dzina. Akopereni pa kompyuta, fufutani ma shortcut onse ndi timafayilo tachilendo tothera ndi .vbs, ndipo apo mukhoza kufomata fulashiyo.

Fayilo yomwe mukuikayikira mungaikweze pa virustotal.com, komwe imaunikidwa ndi ma antivirus ambirimbiri nthawi imodzi mwaulere. Kumeneko kwezani mapulogalamu okha, osati zikalata zanu zachinsinsi, poti zokwezedwazo akatswiri ena amatha kuziona.

Gawo 8: Zofunika kwambiri zikhale pawiri

Akaunti ya Gmail imabwera ndi malo aulere a 15 GB omwe Gmail, Drive ndi Google Photos zimagawana. Kwezani pa Drive ma PDF a masatifiketi, CV ndi mabuku a gulu, zomwe zonse pamodzi sizingadye bandulo yambiri, koma thimitsani Backup ya Google Photos pa foni kuti mavidiyo a ukwati asadzaze malowo. Onetsetsani kuti nambala yobwezeretsera akauntiyo ndi ya SIM yolembetsedwa m'dzina lanu, osati ya mnyamata amene anakutsegulirani imelo.

Amene laputopu yawo ili pa Windows 10 adziwe kuti Microsoft inasiya kuithandiza mwa nthawi zonse pa 14 October 2025. Ikugwirabe ntchito, ndipo mapulogalamu onse atchulidwa pano amayenda bwinobwino pamenepo. Ngati makinawo ndi akale moti sangalandire Windows 11, funsani wokonza makompyuta za Linux Mint, yomwe imalowa m'malo mwa Windows: ndi yaulere, imabwera ndi Firefox ndi LibreOffice kale, ndipo mukhoza kuiyesa kuchokera pa fulashi musanafufute chilichonse.